Pilo yotsetsereka yandibwezera tulo, koma musagonekepo khanda

Ndagonera pilo iyi miyezi 4 tsopano. Ndisanaigule, chilungulira chinkandidzutsa cha m'ma 2 koloko usiku: moto pachifuwa, madzi owawasa kukhosi, kukacha mawu asasa ngati ndachezera kukuwa.

Adokotala anandifotokozera kuti pamene kummero kumakumana ndi chifu pali kamnofu kotseka njira. Kakafooka, asidi wa m'mimba amabwerera m'mwamba, makamaka munthu ukagona. Anandipatsa omeprazole wa 20 mg woti ndizimwa m'mawa ndisanadye, ndipo masana ndinayamba kupeza bwino. Usiku wokha ndiwo unakanika. Ndinayesa kusanjikiza mapilo atatu, koma ankangondipinda khosi n'kundifinya pamimba, vuto n'kukulirakulira.

Iyi ndi yosiyana chifukwa imakweza thupi kuyambira m'chiuno mpaka kumutu, ndipo kumtunda kwake ndi kotalika masentimita 18. Siponji yake ndi yolimba, mpaka lero sinaphwe. Nsalu yakunja ili ndi zipi, ndimavula n'kuchapa. Ndikagonerapo chakumanzere, nditadya maola 3 ndisanakagone, ndimafika m'mawa osadzidzimuka. Amene sanavutikepo ndi matendawa sangamvetse kukoma kwake kodzuka m'kamwa muli bwinobwino.

Zovuta zilipo. Itangofika inkanunkha siponji moti ndinaiyanika masiku awiri. Sabata yoyamba ndinkatsetsereka, kudzuka ndili kumiyendo kwa bedi, msana ukuwawa. Kapilo kakang'ono pansi pa mawondo ndiko kanathetsa zimenezo. Komanso siichiza matenda ayi. Tsiku lina ndinadya zamafuta usiku n'kumwera khofi, moto uja unabwera pilo ili pomwepo.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Mlamu wanga anafuna kuibwereka kuti azigonekapo khanda lake la miyezi 3 lomwe limabweza mkaka likangoyamwa. Ndinakana, ndipo chonde nanunso musayese. Khanda liyenera kugona chagada pamalo afulati ndi olimba, chifukwa potsetsereka kamutu kakhoza kugwera pachifuwa n'kulephera kupuma. Kubweza mkaka kumachitika kwa makanda ambiri ndipo nthawi zambiri kumatha pakokha akamakwanitsa chaka. Muyamwitseni pang'onopang'ono, mugeyetseni, mumunyamule choimika mphindi 20 kapena 30. Akamapanda kukwera sikelo, kapena masanzi akakhala obiriwira kapena a magazi, thamangirani naye kuchipatala.

Kwa akuluakulu ndikuiyamikira ndi mtima wonse. Koma ngati chakudya chikukutsamwani pomeza, mukuwonda osadziwa chifukwa, kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, yambani mwaonana ndi dokotala musanaganize za pilo.