Kutchaja galimoto yamagetsi: soketi ya m'nyumba, chaja ya pakhoma kapena sola?

Amene mwatopa ndi mizere ya mafuta ndipo mukuganiza zoitanitsa Nissan Leaf kuchokera ku Japan, musanafunse mtengo wa mapanelo, dzifunseni kaye kuti galimotoyo imakhala kuti dzuwa likakhala paliwombo. Ndikunena izi chifukwa ambiri akuthira ndalama pa zinthu zosagwirizana ndi mayendedwe awo.

Tiyambe ndi masamu. Galimoto yaing'ono ngati Leaf imayenda makilomita 6 kapena 7 pa yuniti imodzi, yuniti yomweyi timagula pa mita. Ngati pa tsiku mumayenda makilomita 40, mufunika mayunitsi 7 kapena 8 tikaphatikiza otayika potchaja.

Soketi ya m'nyumba ndiyo yosafuna ndalama zambiri. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo chingwe chotchajira chikamakoka ma amp 10 chimapereka pafupifupi 2.3 kW. Mayunitsi 8 amalowa m'maola osakwana 4. Batire la galimoto la 40 kWh (ndiye kuti mayunitsi 40) likatheratu, kudzaza kumatenga maola oposa 17, koma ndani amalimaliza tsiku lililonse? Vuto lili pa mawaya. Ketulo imakoka moto mphindi zochepa, pomwe galimoto imakoka maola osapumira. Ine ndinasungunulapo pulagi chifukwa cholumikiza ekisitenshoni yotchipa, ndipo fungo lake sindidzaliiwala. Itanani wamagetsi wachiphaso akuikireni soketi yakeyake, ya bureka yake ndi waya wa earth wabwino. Chingwe chobwera ndi galimoto nachonso achione, chifukwa ku Japan magetsi ake ndi a 100V ndi 200V.

Chaja ya pakhoma ya 7 kW imamveka bwino pakamwa pa wogulitsa. Koma liwiro limalamulidwa ndi chaja imene ili m'galimoto momwemo, ndipo ma Leaf ambiri a ku Japan amalandira 3 kW yokha. Mutha kugula ya 7 kW n'kupeza kuti mwangoposa soketi pang'ono. Onaninso pobayira: Leaf ya ku Japan ili ndi mapulagi a mtundu wa Type 1 ndi CHAdeMO, pomwe galimoto za ku Ulaya zili ndi Type 2 ndi CCS.

Njira ziwirizi zimadalira ESCOM, ndipo magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, pafupifupi 130 MW inachoka kamodzin'kamodzi. Apa m'pamene sola imalowera, ndipo sola yake ili mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza.

Woyamba ndi wotchaja masana, moto kuchoka pa denga kudzera mu inveta kulowa m'galimoto. Panelo ya 550W kuno kwathu imapereka mayunitsi awiri ndi kadontho pa tsiku lowala bwino. Papepala mapanelo 4 akwana, koma musakhulupirire pepala. Chaja imafuna 2.3 kW yosadukiza, ndipo mapanelo 4 safika pamenepo ngakhale masana enieni. Ikani 6 kapena 8, ndi inveta ya hybrid ya 5 kW yoti mtambo ukadutsa izitapa kwa ESCOM kapena ku batire laling'ono. Chingwe chotha kutsitsidwa kufika pa ma amp 6, ndiye kuti 1.4 kW, chimathandiza kwambiri m'mawa ndi m'nyengo ya chiperoni, makamaka kwa inu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Mapanelo ayang'ane kumpoto, ndipo fumbi la Okutobala muzilitsuka.

Wachiwiri ndi wosunga moto m'mabatire a m'nyumba kuti mudzatchaje usiku. Uwu ndi umene umandiwawa mtima ndikaona anthu akuuthamangira. Batire la lithium lodziwika limasunga pafupifupi 5 kWh, ndiye mayunitsi 8 afuna awiri, musanawerengere firiji ndi mababu. Moto umatayika polowa m'batire, umatayikanso potuluka, kenako n'kutayikanso polowa m'galimoto. Kuli ngati kutungira madzi m'chidebe n'kukathira mu ndowa, ndowa n'kukathira mu mtsuko: pena paliponse amadontha. Ndipo mabatirewo, amene ndi okwera mtengo pa sola yonse, mukuwakalambitsa usiku uliwonse. A mabatire a gel aja musayese n'komwe, sachedwa kufa akamakokedwa chonchi.

Ndiye ine ndimati, ngati galimoto imaswera ku ntchito n'kugona pakhomo, tchajani pa soketi usiku, sola ikhale ya m'nyumba, ndipo Loweruka ndi Lamlungu muziidzaza ndi dzuwa. Batire la 40 kWh lodzaza limakuyendetsani masiku anayi kapena asanu a makilomita 40, choncho magetsi kuzima usiku umodzi sikukugonetsani panjira. Koma ngati imaswera pa shopu yanu, pa famu kapena pa sukulu, mapanelo ikani komweko, pa denga la shedi yoimikamo. Mthunziwo ndi phindu lina: batire la Leaf lilibe madzi oliziziritsa, ndipo kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje kumalifooketsa msanga likamatchajidwa pa dzuwa.