Ntchito ya kebulo ya handibuleki pa galaja ina ya ku Booysens

Ambiri a ife amene tikukhala muno mu Johannesburg timayendetsa Toyota Tazz kapena Citi Golf, chifukwa zipangizo zake sizivuta kupeza ndipo amakaniko ambiri amazidziwa bwino. Komabe Tazz anasiya kuipanga mu 2006, ndipo Citi Golf mu 2009, choncho mawaya a pansi pa magalimotowa akhala akumenyedwa ndi matope komanso mvula kwa zaka zochuluka. Tazz yanga inafika poti ndikakoka handibuleki mpaka pamapeto, galimoto inkatsetserekabe pa mtunda wa ku Kensington kumene ndimakhala, ndipo ndinapita nayo ku galaja yaing'ono ya ku Booysens, imene mwini wake ndi Mmalawi mnzathu.

Chimene chinandikhutiritsa choyamba n'chakuti makaniko sanathamangire kumanga nati ya pa chogwirira cha handibuleki, monga amachitira ena pofuna kuti munthu achoke msanga. Anaikweza galimoto, anachotsa matayala a kumbuyo ndi madilamu onse awiri (zitsulo zozungulira zimene mumakhala mabuleki), kenako anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Kebulo ya kumanzere inali itadyeka ndi dzimbiri pamene imalowera ku dilamu, mphira woteteza unali utang'aluka, ndipo timawaya tina tinali titaduka n'kuyangalala ngati ndevu za chimanga. Atakoka ndi dzanja, waya wa mkati sunabwerere m'malo mwake. Anandiuza kuti, "Bambo, apa si poika girisi ayi, chifukwa waya ukayamba kuduka chonchi tsiku lina udzakusiyani pa mtunda." Anafotokozanso kuti kebulo yogwira dzimbiri imachititsa kuti mashuzi a mabuleki, amene amakanikiza dilamu kuti tayala liime, azikhuzabe dilamuyo ngakhale munthu atatsitsa handibuleki, ndipo n'chifukwa chake tayala la mbali imeneyo linkatentha ndi kununkha ndikayenda mtunda wautali.

Analangiza kuti tisinthe makebulo onse awiri a kumbuyo, ngakhale kuti ya kumanja inali isanaduke, ndipo ndikuona kuti anali ndi mfundo. Makebulo awiriwa amakumana pa kachitsulo kamene kamagawa mphamvu mofanana ku matayala onse, kotero kuti yatsopano ikaphatikizidwa ndi yakale yotamuka, mbali imodzi imagwira kuposa inzake. Atawalowetsa m'malo mwake ndi kubwezera tizitsulo tonse towagwiriziza kuti asakhudze paipi ya utsi, anayamba wakonza mpata wa pakati pa mashuzi ndi dilamu, ndipo pomaliza m'pamene anamanga nati ya pa chogwirira. Dongosolo limeneli ndi limene limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yachinyengo, popeza womanga nati yokha amangobisa vuto la mashuzi, n'kuyambanso kutamula kebulo yatsopanoyo. Tsopano handibuleki imagwira ikangolira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo ikatsitsidwa matayala amazungulira momasuka.

Pa nkhani ya ndalama anachita zinthu poyera. Anandilembera mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito asanakhudze chilichonse, ndipo ndalama zimene ndinalipira ndi zomwezo. Makebulo akale anandibwezera popanda kuwapempha, ndipo pa lisiti analemba kuti ntchitoyo ili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Zinthu zimenezi si chifundo cha galaja, koma ndi zimene lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la mu 2008, limafuna, ndipo zimandipweteka kuona abale athu ambiri akuopa kuzifunsa chifukwa chodziona kuti ndi alendo.

Zodandaula zilipo ndithu. Galajayi sisunga zipangizo, ndiye mnyamata amene anamutuma kukagula anabwera ndi kebulo yaifupi, ndipo anachita kubwereranso ku sitolo. Ntchito imene anati itha masana inatha madzulo, pamene pamalopo palibe mpando wabwino kapena mthunzi wodikirirapo. Makaniko sanavomere kuikoka kebulo yolakwikayo mokakamiza kuti ifike, ndipo pa chimenecho ndikumuyamikira, koma mnyamatayo akanayerekeza yakale ndi yatsopano asanachoke ku sitolo, nthawi yonseyi sikanatayika.

Amene akufuna kugulitsa kapena kugula galimoto yakale adziwe kuti posintha umwini pamafunika satifiketi ya roadworthy, yotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndipo handibuleki ndi chimodzi mwa zinthu zimene amaziyesa, kotero kuti kebulo yotamuka ikhoza kulepheretsa galimoto imene injini yake ili bwinobwino. Ntchito ya mtundu umenewu ndingaiperekenso ku galajayi mosakayika, koma ndikulangiza kuti mufike m'mawa, mutenge nambala ya chesisi ndi chaka cha galimoto yanu, ndipo mupemphe kuti aitanitsiretu makebulo oyenera tsiku la ntchito lisanafike.