Ndinapita ndi amayi kokayezetsa makutu, nazi zomwe ndaona

Zaka ziwiri zathunthu takhala tikuwanena amayi kuti amachita dala, ukawaitana amayankha bwinobwino koma ukayamba kuwauza nkhani amangoti "wati chani?" mpaka ubwereze katatu. Mwezi watha ndinawatenga ku Kawale kupita nawo ku kiliniki ina yoyeza makutu konkuno ku Lilongwe, ndiye ndati ndilembe poti ambirife tili ndi makolo otere.

Ndiyambe ndi chomwe chinandinyasa, mzere. Tinafika 7 koloko m'mawa n'kudzalowa cha m'ma 11, palibenso wokuuza kuti kutsogolo kwatsala anthu angati. Tengani kachakudya.

Koma titangolowa ndinaiwala zonsezo. Anawakhazika m'kachipinda kosalowa phokoso, kuwaveka mahedifoni, akamva kulira adine batani. Kenako mtsikana woyezayo anabisa pakamwa pake ndi pepala n'kumatchula mawu kuti amayi abwereze. Atati "fisi" amayi anati "tsitsi", atachotsa pepala lija anakhoza pompo chifukwa amaona milomo. Ine mtima unandiwawa kwabasi.

Anatifotokozera m'Chichewa chomveka, osathamanga. Akuti mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, amati cochlea, momwe muli timaselo taubweya tosandutsa kulira kukhala uthenga wopita ku ubongo kudzera mumtsempha. Munthu akamakalamba timaselo togwira mawu opyapyala ngati s, f ndi ts ndi tomwe timayamba kufa, ndipo sitimeranso. Pomwe a, e, i, o, u ndi amphamvu, amafikabe. Ndiye ubongo umalandira mawu obookabooka n'kumalimbana kuti utseke mipatayo pogwiritsa ntchito nkhani yomwe ikukambidwa ndi milomo ya wolankhula. Pakhomo pali zii zimatheka, koma m'minibasi kondakitala akukuwa wailesi ili pamwamba, kapena mumsika wa Lizulu, ubongowo umathedwa nzeru. N'chifukwa chake amayi akabwera ku Mvano amakhala otopa osafunanso kucheza, ife n'kumati akwiya. Kukuwa sikuthandizanso, kumangokweza ma a ndi ma o omwe akuwamva kale.

Anawapatsa kachipangizo kovala kukhutu, atakachuna malinga ndi zotsatira zawo. Sabata yoyamba amafuna kukataya, akuti masipuni, nkhuku, madzi pampopi, zonse zikuwasokosera. Mwamwayi anali atatichenjeza kuti ubongo umakhala utasiya kuzolowera mawu amenewo ndipo pamatenga masabata kuti uphunzirenso kusiyanitsa mawu a munthu ndi phokoso wamba, tisafooke. Pano ndi sabata yachisanu, kutchalitchi akuvutikabe kwaya ikayamba, koma pafoni ndi achemwali awo a ku Dedza akucheza osandipatsira ine kuti ndiwamverere.

Ndingapitenso, ndipo apongozi anga ndawauza kale. Chimodzi chokha, funsani za mabatire musanatuluke, ndi ting'onoting'ono, timatha msanga ndipo m'magolosale a m'makwalalamu simuwapeza.