Makoma a jipsamu pa nyumba yanga ya malonda ku Zomba, patatha miyezi 14

Dzulo mlamu wanga wa ku Chinamwali anandiimbira foni: "Alamu, jipsamu uja akupirira? Ndikufuna kudula maofesi." Ndinawauza kuti ndiwayankha polemba, chifukwa m'thumba munali lisiti ya mabodi 6 atsopano ndipo mtima unali usanatsike.

Nyumbayi ili cha kudepoti. Ndinaidula zipinda zitatu: saluni, shopu ya mafoni ndi kalesitilanti kumapeto. Njerwa zootcha sindikanagwiritsa ntchito, poti malamulo a 2018 amaziletsa pa nyumba za malonda, ndipo mtengo wa simenti unali utathawa kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023. Ndiye ndinapita ku jipsamu, mabodi a 1.2m m'lifupi ndi 2.4m m'litali omangirira pa timafelemu tachitsulo.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Mmisiri anamaliza sabata imodzi, mawaya a magetsi anabisika mkati, penti inagwira bwino kwambiri. Phokoso la dilaya ya musaluni limamvekabe kwa wamafoni, koma sadandaula.

Pulani itapita ku khonsolo, anandiuza kuti khoma la pakati pa khitchini ndi shopu likhale lopirira moto. Ndinanyinyirika pogula mabodi apinki a 15mm opirira motowo, koma lero ndi ndalama yomwe sindiilira. Mkati mwa jipsamu muli madzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo moto ukafika madziwo amatuluka ngati nthunzi n'kuuchedwetsa. Tsiku lina mafuta a tchipisi anayaka, khoma linangoda mwaye, mbali inayo osatentha n'komwe.

Chomwe chandidya ndi musaluni. Pomwe pali sinki yotsukira tsitsi pankafunika mabodi obiriwira, osamva chinyezi. Wogulitsa anati atha, n'kunditsimikizira kuti, "Bwana, tengani wambawa, mukapaka penti ya oyilo ndi chimodzimodzi." Ndinamvera. Mmisiri naye anakhazika mabodi pa simenti penipeni, osasiya kampata ka pafupifupi 10mm pansi kamene kamateteza kuti bodi isamwe madzi okolopa. Izi ndazidziwa mochedwa.

Nanga Zomba mukuidziwa. Chiperoni chikatsika m'phirimu, ngakhale thaulo siliuma. Mwezi wa Julayi munsi mwa khoma munayamba timadontho takuda ta chuku. Tinapukuta, tinapakanso penti. Mvula itayamba penti inatukusira, pepala la pamwamba n'kumasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Mu Febuluwale mayi wa saluni anandiitana: "Bambo, tabwerani mudzaone." Anakankha ndi chala chimodzi, chala chinalowa. Mkati munali phala loyera, masikuluwu atachita dzimbiri, fungo la chinyezi lili guu. Shelefu ya mankhwala a tsitsi inali itapendama, ndipo makasitomala awiri anali atabwerera pakhomo. Mwezi umenewo lendi ndinawadulira theka, sindikanachitira mwina.

Ndinabwerera kwa wogulitsa uja ndi chidutswa cha bodi m'jumbo. Anachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti vuto ndi mmisiri. Mmisiri akuti vuto ndi bodi. Onse akunena zoona pang'ono, koma wolipira ndine. Mabodi obiriwira ndakawagula ku Limbe, thiransipoti yanga, ndipo mmisiri wina wawakweza pa kamzere ka mabuloko n'kuika matailosi mpaka m'chiuno.

Ndiye alamu, ngati ndi maofesi ouma, ikani jipsamu, ine ndingaikenso mawa. Pomwe pali mpopi, ndalama yomwe ndinapulumutsa pothawa mabuloko yathera pokonza, ndi kuwonjezera. Wogulitsayo analonjeza kundibwezerako mtengo wa mabodi awiri. Papita masabata atatu, ndikaimba akuti abwana ali ku Blantyre.