Supuni ya m'nyumba, masupuni oyezera, sirinji kapena foni: chothandiza nchiti?

Amayi anzanga ophika mandasi ndi makeke, nkhaniyi yabwera chifukwa cha chigumu chomwe ndinaononga mwezi watha. Resipe inati soda supuni imodzi, ine nkutenga supuni yodyera phala ija nkudzadza mpaka kaphiri pamwamba ngati Sapitwa, chigumu chinatuluka chofiirira chonunkha sopo, ana anangoluma kamodzi nkuthawa. Kani amanena supuni ya tiyi, yosalaza bwino.

Manambala ake ndi awa kaye. Supuni ya tiyi, yomwe amalemba tsp, ndi 5 ml. Yaikulu, tbsp, ndi 15 ml, ndiye kuti masupuni a tiyi atatu amapanga yaikulu imodzi. Kapu ndi 250 ml, theka lake 125 ml, kota ndi masupuni aakulu anayi ndi kadontho. Ndiye onani ine ndinathira soda katatu kuposa muyezo, osawerengera kaphiri kaja.

Supuni ya m'nyumba ubwino wake ndi woti ili kale mu dulowa, simulipira kanthu. Koma abale masupuni athuwa si ofanana, ndinayeza atatu a tiyi omwe ndili nawo, ina yomwe ndinagula pa Limbuli imalowa 4 ml basi, ina yakale ya agogo yakuya ija inapitirira 6 ml. Pothira shuga mu phala palibe vuto koma pa soda, baking powder, yisiti ndi mchere kusiyana kumeneko kumamveka mkamwa.

Masupuni oyezera aja omangidwa pa kamphete ndi abwino, ali ndi theka ndi kota ya supuni ya tiyi zomwe ndi maso simungathe. Vuto apulasitiki otchipa zolemba zimafufutika mukatsuka kangapo, ndipo kakang'onoko kamasowa msanga, kanga mwana anakatenga kukaseweretsa ku masanje sikanabwerenso.

Tsono sirinji, iyi ndiye ndaikonda. Yatsopano yopanda singano ya 10 ml ya ku famase, mtengo wake wochepa. Sindiyezera ufa ayi, ntchito yake ndi kuyesa ziwiya zomwe muli nazo kale. Mukoke madzi 5 ml mutsanulire mu supuni iliyonse, yomwe yadzadza ndendende osatayika ndiyo ya makeke, muimange kaulusi kuchigwiriro isasokonekere ndi zinzake. Kapu chimodzimodzi, ma 10 ml okwana 25 ndi 250 ml, inde nzotopetsa koma ndi kamodzi kokha, mukatero mulembe mzere ndi vanishi wa zikhadabo kunja kwa kapuyo. Kapu yanga ya tiyi yomwe ndimaiyesa yathunthu inapezeka kuti ndi 200 ml, mpake mandasi ankauma chifukwa mkaka unkachepa. Vanila ndi mafuta ochepa ndimayezera sirinji yomweyo.

Foni nayo, Google imasintha msanga koma muzichenjera. Mukalemba kapu imodzi imakupatsani ya ku America, pafupifupi 237 ml, pomwe ya ku South Africa ndi 250 ml. Ku Australia ndiye kuli zina, supuni yaikulu ndi 20 ml, masupuni a tiyi anayi, ndiye musanasakanize muone kaye kuti resipe yachokera kuti. Komanso foni siidziwa kuti kapu ya fulawa ndi ya shuga sizilemera mofanana, shuga ndi magalamu 200 pomwe fulawa ndi cha m'ma 125, zimenezo ndi za sikelo. Ndipo manja ali phalaphala ndi mtanda ndani angagwire foni, netiweki nayo tsiku la chiperoni mukuidziwa.

Ine ndasankha sirinji ndi supuni yanga ya kaulusi, manambala aja ndinalemba pa kapepala nkumata mkati mwa chitseko cha kabati. Loweruka ndiyesanso chigumu, nthochi zapsa kale.