Traxxas TRX-4M pamiyala ya kuseri kwa nyumba

Galimoto zoyendera rimoti zimene ambiri tinazolowera kuona m'masitolo a zidole ndi zaliwiro, zoti mwana amaziwombetsa kukhoma kawiri katatu kenako n'kuziiwala kunsi kwa bedi. Traxxas TRX-4M ndi ya mtundu wina, umene eni ake amautcha rock crawler, ndipo ntchito yake ndi kukwawa mwakachetechete pamiyala, tayala lililonse likufufuza popondera. Kampani ya Traxxas, ya mumzinda wa McKinney ku Texas, inaitulutsa mu 2022 pa mtengo wa pafupifupi madola 150 a ku America. Yanga anandibweretsera ndi mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndaiyendetsa chilimwe chonse ndi dzinja limodzi, nthawi yokwanira kuti munthu anene zimene waona.

Ndinasankha ya bodi ya Land Rover Defender, mwina chifukwa choti ndi galimoto imene tinakula tikuiona ikulimbana ndi misewu yamatope. Ndi yochepetsedwa ka 18 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, kutalika kwake sikufika masentimita 30, ndipo kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo pali mamilimita 155. Matayala onse anayi amakoka limodzi nthawi zonse, moti ngakhale limodzi litalendewera m'malere, atatu otsalawo amapitirizabe ntchito. Mashoko ake ndi amafuta, zamagetsi zake n'zotetezedwa kumadzi, ndipo m'bokosi mumapezeka batire lotchaja la mtundu wa lithium lotchedwa LiPo, la mavoti 7.4 ndi 750 mAh pamodzi ndi tchaja ya USB. Batire limeneli limandifikitsa pafupi ndi ola lathunthu ndikamayendetsa mofatsa. Rimoti imafuna mabatire anayi a AA, ogula panokha.

Pabwalo losesedwa bwino galimotoyi ilibe chokuonetsani, ndipo masiku atatu oyamba ndinayamba kudandaula ndalama za mlamu wanga. Ndi pamene ndinaganiza zoimangira njira yakeyake pakati pa mtengo wa mapeyala ndi mpanda, pamalo a mamita 4 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi pamene udzu unkakana kumera. Cholakwa changa choyamba chinali kuyeza miyala ndi maso a munthu wamkulu. Ndinatuta miyala yonga mitu ya ana, ndi kuiunjika mokongola, koma galimoto inangofika n'kugunda mphuno. Ndinali nditaiwala masamu osavuta: mwala wa masentimita 5 kwa galimotoyi uli ngati thanthwe la masentimita 90, ndipo njerwa yowotcha yogonekedwa pansi imaposa kutalika kwa tayala lake, limene ndi la pafupifupi masentimita 5 ndi theka. Ndinagumula zonse, miyala ikuluikulu ndinaikwirira m'dothi mpaka kungotsala misana yake, kenako m'mipata ndinatseka ndi zidutswa za njerwa ndi timiyala ta kukwale, kuti pakhale masitepe ang'onoang'ono amene tayala lingathe kuluma.

Simenti ndinagwiritsa ntchito yochepa, yongogwira miyala ya pachikweza kuti isamasunthe, koma ngakhale pamenepo ndinaphunzirapo kanthu. Chigawo choyamba ndinachisalaza ndi chipande monga tichitira pakhonde, ndipo chitauma matayala ankangozungulira pamalo amodzi. Chachiwiri ndinachikanda ndi tsache simenti ikadali yaiwisi ndi kuwaza mchenga wa kumtsinje pamwamba, ndipo galimoto imakwerapo popanda kudodoma. Ndinaonjezera mlatho wa nsungwi zong'amba wa masentimita 16 m'lifupi, kadzenje kopotoza maekiselo, ndi malo otsetserekera m'mbali amene galimoto imadutsa itapendekeka. Malo otsirizawa ndiwo anandiuza zoyenera kusintha, kuposa malangizo onse amene ndinawerenga ndisanayambe.

Bodi ya Defender ili ndi kaliyala padenga ndi tayala lapadera kumbuyo, zinthu zimene zimaikongoletsa koma zimakweza kulemera m'mwamba, monganso zimakhalira ndi galimoto yeniyeni ikasenza katundu padenga. Mankhwala ake ndi kutsitsa kulemera, choncho ndinagula zitsulo zolemera za brass zolowa m'malo mwa zapulasitiki pamene matayala akutsogolo amakhotera, komanso zivundikiro za difu zachitsulo chomwecho. Kusintha kwake kunaoneka tsiku lomwelo, chifukwa pachikweza pamene mphuno inkadzuka galimoto n'kugadabuzika chagada, matayala akutsogolo anayamba kukakamira pamwala. Apa ndinachita dyera, ndinalemetsanso kumbuyo mofanana, ndipo mota inayamba kutentha, batire n'kumatha msanga, chikweza chija n'kuvutanso. Zakumbuyozo ndinachotsa. Kulemera kumathandiza kukakhala pansi ndiponso kutsogolo, osati paliponse pamene pali bowo la sikuluwu.

Komabe ndikanati ndiyambirenso, ndalama yoyamba ndikanaiika pa magiya. Galimotoyi imabwera ndi magiya a 16.6:1, amene ndi abwino poyenda m'tinjira ta pakati pa maluwa, koma Traxxas imagulitsanso ena otsika a 40.3:1 olowa m'bokosi la magiya lomwelo. Kuika kwake kunanditengera madzulo amodzi patebulo, ndi kiyi yaing'ono ya makona asanu ndi imodzi komanso mbale yoikamo tisikuluwu, popeza kamodzi kakagwa pansi simukapezanso. Liwiro limachepa kuposa theka, koma chala cha pa rimoti chimapeza ulamuliro umene chinalibe: tayala limakwera mwala pang'onopang'ono mpaka mumatha kuwerenga mano ake, ndipo potsika galimoto imadzigwira yokha m'malo mothamangira pansi. Mukaphatikiza ndi kayendetsedwe kotchedwa Crawl, kamodzi mwa katatu kamene bokosi la zamagetsi limalola, mabuleki amagwira mukangosiya chala, ngakhale pakati pa mlatho.

Matayala ofewa okwanira pamalimu a inchi imodzi anathandiza pamiyala yosalala, ngakhale kuti amene inabwera nawo, a Canyon Trail, sali oipa pa katondo wouma. Mabeyaring'i ndinaika m'malo mwa mabushi chifukwa ndinali nditamasula kale galimoto, ndipo phindu lake ndi lochepa poliona ndi maso. Chimene ndinataya nacho ndalama ndi servo (kamota kokhotetsa matayala akutsogolo) yotchipa imene ndinaitanitsa pa intaneti kwa wogulitsa wina, poganiza kuti matayala olemera adzafuna mphamvu yoonjezera. Inatenga masabata ambiri kuti ifike, inagwira ntchito masiku ochepa n'kuyamba kunjenjemera, ndipo ndinabwezeretsa yoyambirira ija, imene ikukhotetsabe matayala mpaka lero.

Mvula itayamba mu Novembala, njira inayesedwa kuposa galimoto. Madzi a padenga anakokolola dothi la pansi pa chikweza, kadzenje kaja kanasanduka dziwe, ndipo chiswe chinalowa m'mizati ya mlatho mwezi usanathe. Ndinakumba kangalande m'mbali mwa mpanda, mizati ndinaikhazika panjerwa, ndipo tsopano mlatho ndimauchotsa ndikamaliza. Galimotoyo imadutsa m'matope ndi m'madzi osaya popanda vuto, koma kutetezedwa kwa zamagetsi sikuletsa dzimbiri pa tisikuluwu ndi mabeyaring'i, choncho ndimaitsuka, kuiumitsa ndi kudonthezera mafuta ochepa. Batire la LiPo limafuna ulemu wake: silisiyidwa padzuwa, silitchajidwa munthu atachokapo, ndipo ngati likhala nthawi yaitali osagwira ntchito liyenera kusungidwa lili ndi moto wapakatikati.

Kwa kholo lofunira mwana wamng'ono chidole chothamanga, iyi si galimoto yoyenera, ndipo ndi magiya otsika ingamutopetse mphindi zochepa. Ndi ya munthu amene angagwade pansi kwa theka la ola akuyesa mwala umodzi kuchokera mbali zitatu, amenenso sakhumudwa kudikira zipangizo zochokera kunja, poti zimenezi sizipezeka m'sitolo ya pafupi. Kwa wotereyo ndikuivomereza, ndipo ndingamulangize kuti amange kaye njira ndi kuiyendetsa monga inabwerera kwa mwezi wathunthu asanagule chilichonse, kenako ayambe ndi magiya, atsatize ndi kulemetsa kutsogolo. Panjira yanga patsala malo amodzi, pakati pa muzu wa mtengo wa mapeyala ndi mwala wosongoka, pamene galimoto imatsakamirabe pamimba matayala onse akupalasa mphepo. Mwana wanga wamkazi akuti tichotse mwalawo, koma ine ndakana, ndipo Loweruka likubwerali ndiyesa kulowera chakumanzere.