Ulendo wa ku Robben Island umayendera mphepo

Ndakhala zaka zinayi ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Bloubergstrand, kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, ndipo tsiku lililonse ndikaweramuka ndimaona Robben Island itati phwathalala pamadzi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 7 okha. Ngakhale zinali choncho, sindinapondeko mpaka chaka chatha pamene amalume anga anabwera kuchokera ku Dedza n'kunenetsa kuti sabwerera kumudzi asanaone chitokosi chimene Nelson Mandela ankagonamo. Popeza ambiri a inu mumandifunsa za malowa mukamakonza zobwera kuno, ndaona kuti ndilembe mmene tinayendera, makamaka pamene tinaphonya.

Kulakwa kwathu koyamba kunali kuika ulendowu kumapeto. Amalume anali ndi masiku owerengeka pa pasipoti yawo, ndipo ena anali atathera pamsewu, chifukwa kuchokera ku Johannesburg kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 1,400. Ine ndinagula matikiti a Loweruka, iwo akunyamuka Lachiwiri, poganiza kuti chokoma chizikhala chotsirizira. Kutacha Loweruka lija kunja kunali kowala bwino, kopanda ndi kamtambo komwe, koma mphepo inali ikugwedeza malata usiku wonse, ndipo tisanafike n'komwe pa basi uthenga unalowa pafoni wonena kuti maboti onse a tsikulo aimitsidwa. Palibe amene tikanamudandaulira, pakuti nyanja ikakalipa woyendetsa boti wanzeru amakhala padoko.

Anthu a kunyanja kwathu aimvetsa msanga nkhaniyi, chifukwa mphepo imeneyi ndi mbale wake wa mwera. Imachokera kum'mwera chakum'mawa ngati mwera womwewo, ndipo kuno amaitcha Cape Doctor. Kusiyana kwake n'kwakuti mwera umavuta miyezi yozizira, pomwe iyi imalimba nthawi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale, nthawi yomweyo imene alendo amachuluka ndipo matikiti amatha masiku angapo ulendo usanafike. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti vuto limakhala lina, la mvula ndi mafunde ochokera kumpoto chakumadzulo. Choncho palibe mwezi umene munthu angalumbire kuti boti linyamuka, ndipo langizo langa lalikulu ndi lakuti muike ulendowu m'masiku oyambirira a kucheza kwanu, kuti ukalephereka mukhale ndi masiku awiri kapena atatu osinthira tikiti. Ife tinachita mwayi kupeza malo awiri Lolemba, ngakhale kuti zinanditayitsa malipiro a tsiku limodzi.

Matikiti ndi bwino kugulira pa intaneti, ndipo musankhe boti la m'mawa, la 9 koloko, popeza mphepo kawirikawiri imakula masana. Mtengo wa nzika za South Africa ndi wotsika poyerekeza ndi wa ife obwera, kotero musanyengeke ndi mtengo umene mnzanu wa kuno angakuuzeni, ndipo musaiwale pasipoti. Tikiti imodziyo imalipirira boti popita ndi pobwerera, basi yozungulira chilumba ndiponso kulowa m'ndende. Maboti amanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku V&A Waterfront, pafupi ndi nsanja yofiira ya wotchi, ndipo mabasi a MyCiTi amafika kuderali, koma salandira ndalama pamanja, amafuna khadi loikamo ndalama. Mufike theka la ola nthawi isanakwane chifukwa pali mzere wofufuza zikwama.

Pamadzi mumakhalapo mphindi 30 kapena kufika ola lathunthu, malinga ndi boti limene lilipo tsikulo. Amalume, amene anakwerapo Ilala kupita ku Likoma ali mnyamata, anaseka nditawapatsa mapiritsi oletsa nseru, nati munthu amene anagona usiku wonse pa sitima sangaope kamtunda kotere. Titangotuluka kuseri kwa khoma la doko, boti linayamba kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, mafunde ake aatali osaswekanso ngati a kwathu, ndipo ndinawaona atagwira chitsulo ndi manja onse awiri, maso ali pa phiri la Table Mountain, osayankhanso chilichonse chimene ndinkawafunsa. Mapiritsiwo amamwedwa musanakwere, ndipo m'mawa mudye zopepuka. Juzi kapena jekete musasiye ngakhale kumtunda kukutentha, chifukwa madzi a Atlantic kuno ndi ozizira kwambiri ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa. Chipewa chikhale cha chingwe. Changa chinapita.

Mukatsika pa doko la Murray's Bay simuyenda mwaufulu monga mmene mungachitire ku Likoma kapena ku Chizumulu, kulibenso kogona alendo wamba. Chilumbachi n'chaching'ono, makilomita 3.3 m'litali ndi 1.9 m'lifupi, ndipo ulendo wonse, kuphatikizapo pamadzi, umatenga maola atatu ndi theka kapena anayi. Basi imakudutsitsani pamanda a anthu odwala khate amene ankatayidwa kuno mpaka 1931, kenako pa kanyumba kamene Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cha Pan Africanist Congress, anasungidwamo yekhayekha kuyambira 1963 mpaka 1969 atamaliza kale chilango chake, boma litapanga lamulo lapadera lomutsekera. Kuchoka apo mumafika pamgodi wa laimu pamene akaidi ankakumba padzuwa, kunyezimira kwa miyala yoyerayo n'kuwononga maso a ambiri, kuphatikizapo a Mandela. Pakhomo pa mgodiwo pali mulu wa miyala umene akaidi akale anaunjika atakumananso mu 1995. Malo ambiri mumaonera pawindo, choncho amene akufuna zithunzi alowe m'basi msanga. Pali poima pamodzi pomwe pali zimbudzi ndi kogula zakumwa, koma botolo la madzi ndi kamba pang'ono wa m'chikwama zimapulumutsa ndalama.

Gawo la m'ndende mumayenda pansi, ndipo nthawi zambiri amene amakutsogolerani ndi munthu woti anamangidwapo momwemo pa zifukwa za ndale. Apa ndi pamene ndinaona kuti amalume akufunika womasulira, chifukwa zonse zimafotokozedwa m'Chingerezi, ndipo ndikulangiza kuti achikulire otere muziima nawo kumapeto kwa gulu kuti muziwanong'oneza osasokoneza ena. Chimene chinawagwira mtima kwambiri ndi chikwangwani cha chakudya, chosonyeza kuti ngakhale m'ndende anthu ankasiyanitsidwa ndi khungu: amwenye ndi makaladi ankalandira buledi, pomwe anthu akuda ankapatsidwa phala la chimanga, ndipo poyamba ankavekedwa makabudula ngati ana. Chitokosi cha Mandela, mkaidi nambala 466/64, mumachiona kudzera m'zitsulo, muli pamzere, kwa kanthawi kochepa kwambiri. Muli mphasa yogonera, mabulangete, katebulo ndi ndowa, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita awiri ndi pang'ono. Anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuyambira 1964 mpaka 1982 pamene anamusamutsira ku ndende ya Pollsmoor. Amalume anawerengetsa zala n'kundikumbutsa kuti mu 1971, pamene Kamuzu anabwera kudzacheza m'dziko lino monga mlendo wa boma, munthuyu anali m'kachipinda komweka.

Kuchokera pachipata cha ndende kubwerera kudoko ndi mtunda waufupi woyenda pansi, koma nthawi imakhala itatha kale, ndipo boti silidikira amene watsalira m'sitolo ya zikumbutso. Ife tinafika kumtunda itangokwana 1 koloko masana, mphepo itayambanso kuutsa thovu pamadzi. Amalume anakana chakudya chamasana, napempha tiyi wopanda mkaka, ndipo Lachiwiri m'mawa ndinawaperekeza kukakwera basi ya ku Johannesburg.